Mmene mungasamalire m'bale amene mtima wake wafooka pambuyo pa opaleshoni

Opaleshoni ya mtima, monga yokonza kapena kusintha valavu (kachitseko ka mumtima koletsa magazi kubwerera m'mbuyo), imalemetsa thupi kwambiri, ndipo mwa odwala ochepa mnofu wa mtima umafooka mwadzidzidzi ngakhale kuti mitsempha yake siinatsekeke. Vutoli limatchedwa takotsubo, ndipo madokotala a ku Japan ndiwo analifotokoza koyamba mu 1990. Thupi likapanikizika limatulutsa adrenaline wochuluka (homoni yothamangitsa mtima munthu akachita mantha), amene amachititsa chipinda cha kumanzere chopopa magazi kufufuma kunsonga n'kusiya kufinya bwino. Amene amagwidwa kwambiri ndi amayi amene anasiya kusamba.

Nthawi zambiri vutoli limabuka m'masiku oyamba, wodwala akadali m'chipatala, choncho inu amene mukumudikirira musalekerere akadandaula za kupweteka pachifuwa, kubanika kapena chizungulire poganiza kuti ndi bala chabe. Uzani anamwino nthawi yomweyo. Kuyeza kagundidwe ka mtima pa makina a ECG, kuyeza magazi ndi kujambula mtima pa makina a echo kumathandiza madokotala kusiyanitsa vutoli ndi zina.

Tsiku lotuluka, funsani dokotala akulembereni m'buku la kuchipatala dzina la opaleshoni, mankhwala onse, muyeso wa madzi oyenera kumwa patsiku ndi tsiku la echo yotsatira. Za madzizi musazione zazing'ono: kutentha kwa Okutobala ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula kumatha madzi m'thupi mwa munthu amene akumwa mankhwala okodzetsa, pomwe kumwa mopitirira muyeso kumalemetsanso mtima wofooka. Wodwala agone pamalo podutsa mphepo, asiye kulima kudimba ndi kusenza ndowa mpaka dokotala atalola, ndipo asadukize mankhwala, makamaka warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ngati anamulembera.

Uthenga wamaliro kapena wa madzi osefukira ungathe kudzutsa vutoli, choncho pakhale munthu mmodzi wodekha womuuza atakhala pansi, osati aliyense wolowa akulira. Kumubisira, m'kuona kwanga, sikuthandiza, chifukwa adzamva ndithu kwa anansi.

Mapazi akayamba kutupa, akamalephera kugona chagada chifukwa cha phuma, kapena akakomoka, thamangirani naye ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje osadikira kuti kuche, mutatenga buku lija kuti ngati kungafunike amutumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwa odwala ambiri mtima umabwerera mwakale pakatha milungu ingapo, koma wosiyitsa mankhwala ndi dokotala yekha, ataona zotsatira za echo.