Momwe mungaonere mathithi a Victoria muli pa ulendo wautali wa panjinga

Kupalasa njinga kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Livingstone, tauni ya ku Zambia yomwe ili pafupi ndi mathithi a Victoria, ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 1,200. Mumatulukira pa chipata cha Mchinji, n'kutsata msewu wa Great East kudzera ku Chipata, Katete ndi Petauke, kukwera zitunda za ku Luangwa mpaka ku Lusaka, kenako kutsikira kummwera kudzera ku Mazabuka, Choma ndi Kalomo. Gulu la Tour d'Afrique, lomwe linayamba mu 2003 kupalasa kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, ladutsapo kambiri m'njira yomweyi. Gulu lanu likavutika chonchi siliyenera kungosuzumira mathithiwo kwa ola limodzi n'kumapitirira. Tsiku la mathithi mulikonzekere musananyamuke kunyumba.

Choyamba, sankhani mwezi. Mtsinje wa Zambezi umasefukira pakati pa Marichi ndi Meyi. Nthawi imeneyi madzi amagwa pa phompho lonse, lomwe ndi lotambalala mamita 1,708 ndipo pena n'lakuya mamita 108, moti madzi owaza amatchinga maso ndipo mumanyowa mpaka kumkati. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala pang'ono kuuma, pamangooneka thanthwe lakuda, koma mbali ya Zimbabwe madzi amagwabe. Kwa opalasa njinga, miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino: msewu sutentha, madzi alipo ambiri, ndipo phompho limaoneka.

Chachiwiri, ikani tsiku lathunthu lopuma, ndipo ntchito ya njinga muimalize madzulo omwe mwafika. Tsukani tcheni, pakani mafuta, onani mabuleki ndi masipoko, matani machubu. Mukasiya zimenezi kuti muchite mawa, theka la gulu lidzakhala likumata matayala pamene ena ali kale pa mathithi, ndipo apa mpomwe kung'ung'udza kumayambira.

Chachitatu, samalani ndi msewu wochoka m'tauni ya Livingstone kupita ku mathithi. Ndi makilomita pafupifupi 10 okha, koma umadutsa m'malo osungira nyama a Mosi-oa-Tunya, ndipo njovu zimaoloka pamenepo, makamaka m'chilimwe. Musapalase m'bandakucha kapena kukamada. Yendani pamodzi, wodziwa msewu patsogolo. Mukaona njovu imani patali, tsikani panjinga, dikirani zidutse. Musayese kuzizemba m'mbali chifukwa njovu ikafuna kukuthamangitsani, njinga singakupulumutseni. Ngati pali ena amantha kapena otopa, angokwera takisi, palibe manyazi.

Pachipata mumalipira, ndipo mitengo imasiyana pakati pa eni dziko ndi alendo, choncho aliyense atenge pasipoti yake. Njinga zimangirireni pamodzi ndi loko, zikwama muchotsemo. Ndi bwino kugawana pawiri, ena alowe pamene ena akulondera, kenako musinthane.

Tsopano za kuvala, zomwe ambiri amazipeputsa. Nsapato zapanjinga zija zokhala ndi kachitsulo kunsi zisiyeni. Tinjira ta m'mphepete mwa phompho timakhala tonyowa ndi ndere, ndipo pa kamlatho ka Knife-Edge madzi amakugwerani ngati mvula ya mu Januwale, pansi pakuterera, mphepo ikukankha. Valani nsapato zogwira pansi kapena masandasi omanga. Foni, ndalama ndi pasipoti muike m'jumbo ya pulasitiki, mumange bwino. Chakudya chisaonekere: anyani a pamenepa anazolowera anthu, ndipo amakutsomphola nthochi m'manja uli chiimire, ngakhale kukoka chikwama chomwe.

Yambani ndi Knife-Edge m'mawa, dzuwa likadali kumbuyo kwanu, kuti muone utawaleza m'madzi owazawo. Kanjira kotsikira ku Boiling Pot, komwe madzi amazungulira pansi pa mlatho waukulu, n'kokongola koma kubwerera kwake n'chitunda chowawa. Amene maondo akuwapweteka asatsikeko, mawa kuli ulendo. Musanamwazikane, gwirizanani ola ndi malo okumanira, popeza mkokomo wa madzi sulola kuti muitanane.

Masana pitani pa mlatho womwe unamangidwa mu 1905, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Ngati mukungofuna kuima pamlathopo, nenani choncho ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, akupatsani kachikalata kokulolani kupita ndi kubwerera. Kuti mukaone mathithi muli mbali ya Zimbabwe, komwe gawo lalikulu limaonekera moyang'anana nalo, muyenera kudinditsa pasipoti ndi kulipiranso pachipata cha kumeneko. Amalawi safunika viza, koma ngati m'gulu muli anzanu a maiko ena, afunsiretu za viza ya KAZA, yomwe imalola nzika za maiko ena kulowa mbali zonse ziwiri.

Bwererani m'tauni dzuwa lisanalowe. Yanikani zovala, idyani mokwanira, dzazani mabotolo amadzi. Ngati ulendo ukupitirira ku Botswana, nyamukani kukacha bwinobwino molunjika pa mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu 2021, chifukwa msewu umenewonso umadutsa njovu.