Momwe mungachepetsere thupi mukamagwira ntchito usiku

Ngati ntchito ya usiku imakulandani mphamvu ndi chidwi chochita masewera olimbitsa thupi, konzani izi kaye: nsapato zoyendera, makatani ochindikala otchinga kuwala, kontena yonyamulira chakudya, sikelo ndi kalendala.

1. Yambani ndi tulo. Gonani maola osachepera 7 m'chipinda chamdima. Munthu wosagona mokwanira amamva njala pafupipafupi ndipo amalakalaka zotsekemera.

2. Chitani masewerawo mukangodzuka, musanapite ku ntchito. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amadikira kuti aweruke m'mawa thupi litatheratu, akalephera n'kumadziona ngati aulesi, pomwe vuto ndi nthawi yomwe asankha.

3. Yambani ndi mphindi 10 zoyenda ndawala, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka zikwane mphindi 150 pa sabata, monga bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangizira.

4. Idyani chakudya chokhutitsa musananyamuke. Pakati pa usiku idyani zopepuka zomwe mwanyamula. Khofi musiyeni kutatsala maola 6 kuti mukagone.

5. Chongani pa kalendala tsiku lililonse lomwe mwachita masewera, chifukwa zochongazo zikamachuluka simufuna kudumphitsa. Sikelo muzikwera kamodzi pa sabata basi. Kutsika theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira.