Kupinda, Kumata ndi Kupenta Acrylic ya Bokosi la Kompyuta

Musachotse pepala loteteza acrylic (pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi) musanamalize kudula, chifukwa pulasitikiyi imakandika mosavuta. Pofuna kuipinda, matulani pepalalo pa mzere wopindapo, kenako tenthetsani mzerewo pang'onopang'ono kufikira utafewa pa madigiri pafupifupi 160 Celsius. Mukapupuluma, mkati mumatuluka timathovu tomwe sitichokanso. Ikafewa, igonekeni m'mphepete mwa thabwa ndipo muigwire mpaka izizire.

Pomata, pewani super glue, pakuti imasiya chifunga choyera chomwe chimaononga ntchito yonse. Ine ndimakonda Weld-On 4 (mankhwala amadzi omatira acrylic), yomwe imasungunula m'mbali mwa zidutswa ziwirizo kuti zikhale chinthu chimodzi, koma muigwiritse ntchito pamalo podutsa mphepo popeza mpweya wake ndi woopsa.

Penti muipake kumbuyo, mopyapyala, maulendo angapo, kuti kutsogolo kukhalebe konyezimira ngati galasi.