Mmene mungathandizire malo osungira ziweto zozunzidwa

M'chaka cha 1986, anthu amene anayambitsa bungwe la Farm Sanctuary, losunga ziweto zozunzidwa ku America, anatola nkhosa pa mulu wa ziweto zakufa pamsika wa ziweto ku Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania. Inali idakali moyo. Anaitcha Hilda, ndipo inakhala mpaka 1997. Kuitola kunatenga tsiku limodzi, koma udzu, madzi, mankhwala ndi khola zinafunika kwa zaka 11. Munthu akandifunsa kuti athandize bwanji malo oterewa, ndimayamba ndi zaka zimenezo. Ng'ombe yosamalidwa bwino imafika zaka 20, nkhumba imapitirira 15, bulu amadutsa 30.

Musanapereke chilichonse, onani kaye ngati malowo ndi enieni. Funsani mosabisa: kodi ziweto zimaswana pano? Kodi mumagulitsa ana ake, mkaka kapena nyama? Malo enieni amafula zamphongo kapena kuzipatula kwa zazikazi, chifukwa mwana aliyense wobadwira m'kati amadya malo a chiweto china chimene chikuvutika kunja. Funsaninso ngati ali ndi dokotala wa ziweto amene amabwera nthawi ndi nthawi, ndiponso ngati angakuonetseni mmene ndalama za chaka chatha zinayendera. Bungwe la Global Federation of Animal Sanctuaries, lomwe linayamba mu 2007, limayendera malo otere n'kupereka chivomerezo. Malo ang'onoang'ono ambiri abwino alibe chivomerezochi, ndiye maso anu agwire ntchito: yang'anani ziboda ngati zawengedwa, momwera madzi ngati muli moyera, ndiponso ngati chiweto chili ndi pothawira chikatopa ndi alendo. Ine pamene ndimakayikira kwambiri ndi pamene pamadzaza ana a ziweto okhaokha chaka chonse, anthu n'kumawanyamula pojambulitsa. Zokalamba zili kuti?

Mukakhutira, perekani pang'ono koma mwezi ndi mwezi. Ndalama zambiri zimabwera pa sabata imene chithunzi cha ng'ombe yowonda chafalikira pa Facebook, kenako zii. Wosamalira ziweto amene akudziwa kuti mwezi wamawa kubwera zakuti amatha kugula udzu wouma wambiri nthawi imodzi usanakwere mtengo. Ndipo ndikupempheni, musamangirire mphatso yanu pa chiweto chimodzi chokongola. Lolani kuti ikonzere mpanda kapena ilipire amene amakolopa makola.

Matenda a ziweto zimenezi amadula, ndipo ambiri amachokera mmene zinaswanitsidwira. Nkhuku yoikira ya makono imaikira mazira pafupifupi 300 pachaka, ndipo kashiamu wopangira zikamba amachoka m'mafupa ake mpaka mafupawo kumathyoka. Nkhuku ya nyama inapangidwa kuti iphedwe pa masabata 6. Ikakhala ndi moyo kupitirira apo, miyendo ndi mtima zimalephera kunyamula thupi, choncho chakudya chake amachita kuyeza. N'chifukwa chake musamabwere ndi zakudya zanu n'kumaponya m'khola. Zotsala zokhala ndi nyama ya nkhumba zimatha kubweretsa chigodola, matenda opanda mankhwala amene angathe kupululutsa khola lonse la nkhumba. Imbani foni, funsani chimene chikusoweka.

Ngati muli ndi mphamvu m'malo mwa ndalama, pitani ndi jombo. Ntchito yake ndi fosholo, wilibala, ndowe ndi kutsuka ndowa, ndipo imathandiza pokhapokha mukamafika pa tsiku limene munalonjeza. Pondani m'mankhwala ophera tizilombo amene amaikidwa pageti, makamaka ngati kwanu mumaweta nkhuku, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame zimayenda pansi pa nsapato. Chiweto chimene chinamenyedwapo musachithamangire kuti muchisisite. Imani chammbali, lankhulani motsitsa, chibwere chokha. Ena amathandiza ndi luso lawo: kuwotcherera mageti, kulemba mabuku a ndalama, kubwereketsa galimoto.

Mukaona chiweto chikuzunzidwa, musachibe n'kukachitula pageti usiku. Jambulani, lembani tsiku ndi malo, dziwitsani apolisi kapena alangizi a ziweto, kenako funsani osamalirawo ngati ali ndi malo. Chiweto chatsopano chimayamba chakhala pachokha pafupifupi mwezi, chikuyezedwa ndi kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo khola lapaderalo likakhala lodzaza adzakukanirani. Akakana, afunseni kuti kumanga lina kungafune zingati.