Mwana Akapempha Kuti Anzake Abwere Kudzacheza

Mwana wanu wa zaka 15 akakufunsani kuti, "Amayi, kodi anzanga angabwere Loweruka?", musafulumire kuyankha, makamaka ngati mwatopa. Yambani mwafunsa kuti akubwera ndani, adzafika ndi kuchoka nthawi yanji, ndiponso ngati makolo awo akudziwa. Funsani mofatsa, monga munthu amene akufuna kuvomera, chifukwa mwana akaona kuti mukumupanikiza ngati wapalamula mlandu, ulendo wina sadzapemphanso, koma adzangopita kukachezera kumene inu simukudziwako.

Ine ndimaona kuti nthawi zambiri kuvomera n'kwanzeru. M'chaka cha 2000, Håkan Stattin ndi Margaret Kerr, amene ankachita kafukufuku ku Sweden, anapeza kuti zambiri zimene makolo amadziwa zokhudza ana awo achinyamata zimachokera pa zimene anawo amaulula okha, osati pa kuwalondalonda. Anzake akamabwera pakhomo, mumawadziwa mayina ndi nkhope, mumamva mmene amalankhulirana, ndipo mwana wanu akadzati, "Uja wamtali uja wandikhumudwitsa," mudzadziwa amene akunena.

Mukavomera, gwirizanani malamulo alendowo asanafike: zipinda zimene sayenera kulowa, nthawi yobwerera kwawo, ndiponso amene adzakonze pamalo akatha kucheza. Pakhomo pakhale munthu wamkulu. M'chaka cha 2005, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaonetsa kuti achinyamata osewera gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta ankachita zinthu zoika moyo pachiswe kwambiri anzawo akakhala pambali pawo. Komabe musakhale nawo pakati. Apatseni moni, kenako pitirizani ntchito zanu chapafupi, kuti azimva kuti mulipo.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pokana. Muuzeni mwana wanu pasadakhale kuti asamapemphe mnzake ataima pambali pake, pakuti zimenezi zimakumangani manja, ndipo mukakana, onse awiri amachita manyazi. Zikachitika, muitanireni pambali, mumuuze chifukwa chenicheni, kaya ndi mayeso amene ayandikira kapena matenda m'nyumba, kenako mutchule tsiku lina n'kulisunga.

Pempho loti mnzake agone konkuno musalivomere musanalankhule nokha pafoni ndi makolo ake. Ndi bwinonso kuti lisagwere usiku woti m'mawa mwake kuli sukulu, popeza wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10.