Mukupita kumudzi Disembala uno? Nayi njira yokaonera mbalame za m'nkhalango za kumapiri

Ambiri a ife kuno ku Johannesburg timapita kumudzi mu Disembala, mvula itayamba. Nyengo imeneyi ndi yomwenso mbalame za m'nkhalango za kumapiri zimaswa ndi kulira kwambiri, moti kuzipeza sikuvuta. Ku Malawi kuli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo pali kena kakang'ono kachikasu pakhosi, Yellow-throated Apalis, komwe dziko lonse lapansi kamangopezeka ku Mulanje, Zomba ndi Malosa. Azungu amalipira ndalama zankhaninkhani kudzakaona. Ife eniake tisamangokapitirira.

Poyamba, zolowezani maso ndi makutu mudakali konkuno. Gulani mabayinokyula a 8x42, chifukwa amaonetsa bwino ngakhale mumdima wa pansi pa mitengo. Ikani pafoni pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame ya Merlin Bird ID ndipo mutsitsiretu mbalame za ku Malawi intaneti ikadali yotchipa. Loweruka lina m'mawa pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, mukayesere pa ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga chisa pathanthwe la pamathithi. Thumba likalola, tsatani N1 mpaka Polokwane, mukhotere mu R71 kupita ku Magoebaskloof. Kumeneko, kunkhalango ya Woodbush, kuli chinkhwe cha Cape Parrot, chopezeka mu South Africa mokha.

Chachiwiri, sankhani phiri limodzi kapena awiri, osati onse. Mukatsikira pa Chileka, kapena mukalowera pa Mwanza ndi basi, Zomba ndiye poyambira posavuta. Ku Nyika kuli namzeze wa Blue Swallow, koma msewu wake nthawi yamvula umafuna galimoto ya 4x4.

Ine ndikukulimbikitsani Thyolo ndi Mulanje, chifukwa cha Thyolo Alethe, mbalame yopezeka kum'mwera kwa Malawi ndi m'mapiri ochepa a kumpoto kwa Mozambique basi. Nkhalango ya paphiri la Thyolo inatha ndi nkhwangwa, chinthu chowawitsa mtima kwambiri, ndipo mbalameyi yatsalira m'timagawo ta nkhalango ta m'maesiteti a tiyi komanso ku Ruo Gorge ku Mulanje. Malo ambiri otere ali ndi eni, choncho pemphani chilolezo musanalowe.

Kuipeza kwake n'kotere. Dzukani mbandakucha, muvale zovala zosawala, ndipo miyendo ya buluku muipisire m'masokosi. Mukalowa m'nkhalango, yang'anani pansi, musake linthumbu. Linthumbu likamadutsa, tizilombo timathawa m'masamba owola, ndipo mbalameyi imabwera kudzatola. Imani patali pang'ono, khalani chete, dikirani. Mudzaiona itatera pakanthambi kam'munsi: msana wofiirira, mutu wotuwa, khosi loyera. Onetsetsaninso pomwe mwapondapo, linthumbu silichita ulemu.

Tengani woperekeza wa komweko ndipo mumulipire bwino. Iye amadziwa kulira kwa mbalame iliyonse, ndipo ndalama imeneyo imathandiza kuti anthu a m'deralo aone phindu la mtengo woimirira. Musamaike kulira kwa mbalame pafoni mobwerezabwereza pofuna kuikopa, chifukwa nthawi yoswa imasiya chisa n'kumathamangitsa mdani yemwe palibe.

Madzulo lembani pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame, zimene mwaona, malo ndi tsiku lake. Akatswiri oteteza mbalamezi amagwiritsa ntchito zolemba zoterezi. Musaiwale jekete yamvula ndi pepala lapulasitiki lokulungira foni, chifukwa kuphiri mvula siichenjeza.