Momwe mungadziwire kuti yakwana nthawi yosintha ejenti wogulitsa nyumba yanu, komanso momusiyira osaluza ndalama

Nyumba ikakhala pamsika miyezi ikungodutsa osagulidwa, mwini wake amayamba kumuyang'ana ejenti ndi diso lina, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Koma pali anthu amathamangitsa ejenti wolimbikira pomwe vuto ndi mtengo womwe anaukakamira okha, komanso pali ena amakakamira ejenti woti anasiya kalekale kuyankha foni chifukwa choti ndi mnzawo kapena anawalozera ndi m'bale ndiye akuchita manyazi kumuuza kuti basi zakwana. Zonse ziwirizi zimadya ndalama zanu, chifukwa mwezi uliwonse nyumba ikakhala osagulidwa mukulipirabe msonkho, mlonda, zokonzakonza, mwinanso ngongole ya kubanki ikungobereka chiwongoladzanja. Ndiye musachite mwaphuma komanso musangokhala phee, tsatani izi.

Choyamba, onani zomwe akuchita, osati zomwe akunena

Kusagulidwa kwa nyumba pakokha si umboni woti ejenti ndi waulesi. Umboni weniweni ndi kuti zii. Ejenti amene akugwira ntchito amakuimbirani yekha, olo kamodzi pa sabata, kukuuzani kuti afunsa anthu angati, abwera kudzaona ndi angati, ndipo ananena chani atatuluka. Ngati nthawi zonse woimba ndinu, meseji ya pa WhatsApp yawerengedwa koma yankho likubwera patatha masiku atatu, ndipo yankho lake ndi lomwe lija loti "tikuyesetsa bwana, msika wavuta", dziwani kuti nyumba yanu ili pansi penipeni pa mndandanda wake. Ndipo ganizirani izi, ngati inu amene mudzamulipire komishoni sakukuyankhani, nanga munthu wachilendo amene wangoona malonda n'kuimba kuti afunse, akumuyankha?

Izi mutha kuziyesa. Pemphani munthu amene ejentiyo sakumudziwa aimbe ngati wofuna kugula, mumve ngati ayankhidwe, ngati ejentiyo akudziwa kukula kwa puloti ndi nambala ya zipinda osafunsa wina, komanso ngati akutsatsa nyumba yanu kapena akumukankhira ku nyumba ina yomwe ili ndi komishoni yonona. Kenako fufuzani malonda anu pa intaneti ngati mmene wogula angafufuzire. Zithunzi zamdima zojambula mothamanga, zina chimbudzi chili chosatseka, mawu ofotokoza mizere iwiri yokha, nambala ya zipinda yolakwika, kapena malondawo osapezeka n'komwe, zonsezi ndi ntchito ya ejenti ndipo sangaloze chala msika.

Pali zina zomwe sizofunika kudikira kapena kupereka mwayi wachiwiri. Akakubisirani ofa yomwe munthu wapereka, akalandira dipoziti kwa wogula inu osadziwa, akamauza ogula mtengo wina wapamwamba kuti adye yapakati, akaulula kwa ogula kuti muli pampanipani wa ngongole ndiye muvomera chilichonse, kapena mukazindikira kuti amene akukukakamizani kumugulitsa motchipa ndi mnzake kapena m'bale wake, pamenepo si ulesinso ayi, ndi kusakhulupirika. Sungani umboni wake n'kudumphira pa sitepe yachitatu.

Chachiwiri, funsani moona mtima ngati vuto si mtengo wanu

Apa ndi pomwe eni nyumba ambiri safuna kumva. Kuchuluka kwa anthu obwera kudzaona kumanena zambiri ngati mukudziwa kuwerenga kwake. Ngati malonda ali paliponse, zithunzi zili bwino, koma palibe woimba foni, kawirikawiri mtengo ndiwo ukuthamangitsa anthu asanafike n'komwe pageti. Ngati anthu akubwera ambiri koma palibe akupereka ofa, ndiye kuti zomwe akupeza sizikugwirizana ndi mtengowo, mwina denga likudontha, penti yasuluka, kapena pali fungo la chinyezi lomwe inu munazolowera. Koma ngati palibe akubwera ndipo malondawo sakuoneka paliponse, ameneyo ndi ejenti basi.

Muuzeni akuonetseni nyumba zofanana ndi yanu za m'dera lomwelo zomwe zagulidwadi posachedwa, pa mtengo womwe zinagulidwira, osati womwe eni ake ankafuna, chifukwa mitengo iwiriyi imasiyana kwambiri. Ejenti wodziwa ntchito amakhala nazo kapena amadziwa kozipeza. Akalephera kukupatsani ngakhale chitsanzo chimodzi ndiye mtengo anakuuzani uja anangolota. Ndipo pali kachenjerero kena kodziwika bwino pantchito imeneyi, ejenti amakutchulirani mtengo waukulu dala tsiku loyamba kuti musayine ndi iye osati mnzake amene wanena zoona, kenako pakatha milungu ingapo amayamba nyimbo yoti tsitsani tsitsani. Vuto lake n'lakuti masabata oyambirira aja ndi omwe nyumba imakopa maso kwambiri chifukwa ndi yatsopano pamsika, akapita pachabe sabwereranso, ndipo ogula akaiona yakhalitsa amayamba kuganiza kuti ili ndi chilema chobisika n'kumapereka ndalama zonyozeka.

Komanso dzifunseni nokha. Ngati ejenti anakulangizani kutsitsa mtengo kapena kukonza zina inu n'kukana, kapena nthawi zonse akafuna kubweretsa anthu mumati lero sizitheka, ejenti watsopano adzagunda khoma lomwelo.

Chachitatu, tulutsani kontirakiti muiwerenge musanalankhule chilichonse

Sitepe iyi ndi yomwe ndikufuna muigwiritse kwambiri chifukwa anthu amalirira pomwepa. Pali mitundu ya mgwirizano. Wina umalola ma ejenti angapo kutsatsa nyumba imodzi ndipo komishoni amadya amene wabweretsa wogula, umenewu kutulukamo sikuvuta kwenikweni. Wina umapereka mphamvu kwa ejenti mmodzi yekha kwa nthawi yoikika, nthawi zambiri miyezi 3 kapena 6, ndipo mu ina mwa makontirakiti amenewa muli mawu oti olo wogula mumupeze nokha, kaya ndi msuweni wanu, komishoni mulipirabe. Ndiye onani tsiku lomwe kontirakiti ikutha, onani ngati imadziwonjezera yokha mukapanda kupereka notisi, notisiyo ndi ya masiku angati, komanso ngati pali chindapusa kapena kubweza ndalama zomwe anawononga pa zithunzi ndi kutsatsa mukaithetsa nthawi isanakwane.

Kenako funani ndime ina yomwe imabisala chakumapeto, yonena kuti munthu amene ejentiyo anamuonetsa nyumba akadzagula kontirakiti itatha, mkati mwa miyezi yakutiyakuti, komishoni ndi yakebe. Ndimeyi si yachinyengo, inaikidwa kuti mwini nyumba ndi wogula asamagwirizane kumbali kudikira kontirakiti ithe kuti amuzembe ejenti. Koma kwa inu ikutanthauza kuti mukasayina ndi ejenti watsopano mosasamala, wogula wakale uja n'kubwerera kudzera mwa watsopanoyu, onse awiri atha kukufunani komishoni pa nyumba imodzi. Mwachitsanzo ngati aliyense munagwirizana naye 5 peresenti, ndiye kuti 10 peresenti ya mtengo wa nyumba yapita. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, ndiye ngati mawu ake akukuzungulirani mutu, pitani nayo kwa loya, ndalama yomufunsira ndi yochepa poyerekeza ndi komishoni yachiwiri.

Ngati simunasayine chilichonse munangogwirizana pakamwa, musaganize kuti ndinu omasuka kotheratu. Ma meseji omwe munatumizirana atha kukhala umboni wa zomwe munapangana, ndiye muthetsebe molemba.

Chachinayi, khalani naye pansi kamodzi, mumupatse nthawi

Kupatula pa nkhani za chinyengo zija, munthu ndi bwino kumuuza maso ndi maso. Osangoti "sindikukhutira", nenani zenizeni, kuti mwezi wathawu simunandiimbire olo kamodzi, zithunzi sizinasinthidwe ngakhale tinapangana, anthu anabwera aja sindinamve zomwe ananena. Ndiye mugwirizane zoti achite ndi tsiku lake, zithunzi zatsopano pofika tsiku lakuti, lipoti sabata iliyonse, malonda aikidwe pa malo akutiakuti. Masabata awiri kapena atatu ndi okwanira kuona ngati munthu wadzuka. Mukamaliza kukambirana mutumizireni imelo kapena meseji yobwereza zomwe mwagwirizanazo, chifukwa ikadzafika nthawi yothetsa kontirakiti, meseji imeneyo ndiyo idzakuyankhulireni.

Mmene angayankhire pamkumanowu zikuuzani zambiri. Wabwino amavomera pomwe walakwitsa n'kubwera ndi pulani, mwinanso kukuuzani zowawa zokhudza mtengo wanu. Amene wakwiya, kapena akuloza chala msika, mvula, boma ndi inu nomwe koma iye ayi, ameneyo sasintha.

Chachisanu, ngati ali pansi pa kampani, kaonaneni ndi bwana wake

Ambiri sadziwa kuti nthawi zambiri kontirakiti imakhala pakati pa inu ndi kampani, osati munthu amene amabwera kunyumba kwanu uja. Ndiye mutha kupempha manijala akupatseni ejenti wina wa momwemo, ndipo imeneyi ndi njira yachidule chifukwa palibe chindapusa, palibe nkhani ya komishoni ziwiri. Ngati kampani yonse yakutopetsani, manijala yemweyo ndi amene ali ndi mphamvu yokumasulani nthawi isanakwane, ndipo ambiri amavomera chifukwa safuna kasitomala wokwiya aziwaipitsira mbiri. Akakana ndipo kwatsala masabata ochepa, nthawi zina kudikira ithe yokha n'kotchipa kuposa kulimbana, bola mupereke notisi pa nthawi yake isadziwonjezere. Pa nkhani za chinyengo, m'maiko ambiri muli bungwe lomwe limalembetsa ndi kupereka ziphaso kwa ma ejenti, madandaulo amapita kumeneko, ndipo ngati ndalama zabedwa imeneyo ndi nkhani ya apolisi.

Chachisanu ndi chimodzi, thetsani molemba ndipo mutenge zanu zonse

Kalata ikhale yaifupi, dzina lanu, nyumba yake, tsiku lomwe munasayina, tsiku lomwe mgwirizano ukutha, basi, zotukwana ndi zodandaula zisalowemo. Itumizeni munjira yomwe kontirakiti ikunena ndipo musunge umboni woti yafika. Chofunika kwambiri, iwo akuyankheni molemba kuti akumasulani ndipo ngati pali ngongole anene kuti ndi zingati. Popanda pepala limeneli musasayine ndi wina aliyense.

Pemphaninso mndandanda wa maina a anthu onse omwe anawaonetsa nyumba, wolembedwa ndi kusayinidwa. Umenewu ndiwo umatseka pakamwa pa mkangano wa komishoni uja, chifukwa amene sali pa mndandanda sangadzamutchule mawa kuti anali kasitomala wake. Tengani makiyi onse, ndipo ngati adutsa m'manja mwambiri kusintha maloko si kuwononga ndalama. Tengani makope a mapepala a nyumba omwe munawapatsa, ndipo ndinene pano kuti mapepala enieni a umwini sayenera kukhala kwa ejenti ngakhale tsiku limodzi, iye amangofunika kope. Chikwangwani achotse, malonda a pa intaneti ndi pa Facebook afufute, ndipo mukaone nokha patatha masiku angapo, chifukwa malonda akale akatsala ndi mtengo wina ogula amasokonezeka kapena kuganiza kuti ndi zaukathyali. Zithunzi nazo musangozitenga kukapatsa ejenti watsopano, nthawi zambiri mwini wake ndi wojambula kapena kampani, funsani kaye.

Chomaliza, posankha watsopano musabwerezenso zomwe zija

Kumanani ndi ma ejenti osachepera atatu, ndipo musatengeke ndi amene watchula mtengo waukulu kapena komishoni yotsika kwambiri. Afunseni nyumba zomwe agulitsa m'dera lanu miyezi yapitayi ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji, ali ndi nyumba zingati m'manja pakadali pano, adzakuimbirani kangati, komanso amene azionetsa nyumba ndi iye mwini kapena azituma wachinyamata wa muofesi amene sakuidziwa n'komwe. Funsani funso ili mumvetsere bwino yankho lake: "Mukuona kuti nyumbayi yalephera kugulidwa chifukwa chani?" Amene angonyoza ejenti wakale kuti akusangalatseni musamale naye, amene akuuzani kuti mtengo wakwera kapena khitchini ikufunika penti ndiye waiona nyumbayo. Onani chiphaso chake ngati kwanuko malamulo amafuna chiphaso, ndipo pemphani kulankhula ndi anthu awiri omwe anawagulitsirapo.

Pa kontirakiti yatsopano pemphani nthawi yaifupi, miyezi 3 yoti mutha kuwonjezera akagwira bwino, mulembetse zomwe walonjeza pa kutsatsa ndi malipoti, komanso ndime yokulolani kutuluka ndi notisi akalephera. Mupatseni mndandanda wa ogula akale uja ndipo zilembedwe kuti mmodzi mwa amenewo akagula mkati mwa nthawi ya ndime ija, komishoni ya watsopanoyu idzakhala bwanji, ichotsedwa kapena agawana. Ndipo nyumba isabwerere pamsika mawa lomwe ndi nkhope yomweyo, konzani zomwe anthu ankadandaula zija, ajambule zithunzi zatsopano masana kukuwala, mtengo uunikidwenso potengera nyumba zomwe zagulidwadi, kenako muitulutse.